eGoli, Gauteng ndi Joni: mayina amene ogwira ntchito m'migodi anapatsa mzinda wa Johannesburg

Mizinda yambiri ikuluikulu inamangidwa m'mphepete mwa nyanja kapena mwa mtsinje waukulu, koma Johannesburg, mzinda waukulu koposa yonse ya ku South Africa, uli pa chitunda chotalika mamita pafupifupi 1,750, kutali ndi doko komanso mtsinje woyendamo ngalawa, ndipo chimene chinauika pamenepo ndi miyala ya golide imene inali pansi pa nthaka. N'chifukwa chake dzina lakuti eGoli, limene anthu olankhula Chizulu amautchula nalo ndipo limatanthauza kumalo a golide, limafotokoza mbiri ya mzindawu momveka bwino kuposa dzina lolembedwa m'mabuku a boma. Dzina lotere, lomwe silichokera mu ofesi koma limabadwira m'kamwa mwa anthu wamba n'kukhazikika chifukwa chotchulidwatchulidwa, kawirikawiri limasunga zimene anthuwo anaona ndi kukumana nazo pamalopo.

Mbiri yake imayambira mu 1886, pamene munthu wina wofufuza miyala ya mtengo wapatali, George Harrison, anapeza mwala wokhala ndi golide pa famu ya Langlaagte, pa mtandadza wa zitunda wotchedwa Witwatersrand, dzina la Chidatchi lotanthauza chitunda cha madzi oyera. Deralo linali m'dziko la Transvaal, lomwe linkalamulidwa ndi Mabunu motsogozedwa ndi Pulezidenti Paul Kruger, ndipo anthu ofuna chuma atayamba kukhamukirako, boma linasankha kachigawo kopanda mwini kotchedwa Randjeslaagte, komwe kanatsala pakati pa mafamu a Braamfontein, Doornfontein ndi Turffontein, kuti pamangidwe tauni. Mapuloti oyamba anagulitsidwa mu December chaka chomwecho, ndipo pofika mu 1896, zaka khumi zokha zitadutsa, malowo anali ndi anthu oposa 100,000.

Pa za Johannes amene dzina la tauniyo likukumbukira, akatswiri a mbiri yakale amasiyana maganizo mpaka lero. Ambiri amaloza kwa akuluakulu awiri a boma, Johann Rissik ndi Christiaan Johannes Joubert, amene anatumidwa kukayendera malo a migodi ndi kukasankha pomanga tauni, pomwe ena amatchula Kruger mwini, amene dzina lake lonse linali Stephanus Johannes Paulus Kruger, kapenanso Johannes Meyer, yemwe ankayang'anira deralo m'dzina la boma. Mawu akuti burg, amene ali kumapeto, amatanthauza tauni kapena linga. Pa dzina la eGoli palibe mkangano wotere, pakuti aliyense amene analitchula ankadziwa chimene ankanena.

Kapangidwe ka dzinali n'kofunika kukaunika bwino. Tsinde lake ndi mawu a Chingerezi otanthauza golide, amene Azulu anawalandira n'kuwatchula kuti igolide, monga momwe Chichewa chinachitiranso potenga mawu akuti golide, ndipo kuchokera pamenepo mzindawo unatchedwa iGoli. Chilembo cha e chimene chili koyambirira kwa eGoli chimagwira ntchito imene ku, pa kapena mu amagwira m'Chichewa, ndiye kuti chimaloza malo, kotero kuti munthu wonena kuti ali eGoli akunena kuti ali kugolide. Owerenga a ku Malawi amachidziwa kale chilembo chimenechi kudzera m'mayina amene Angoni, omwe anachokera kumwera komweko, anasiya m'boma la Mzimba, monga Ekwendeni, Embangweni ndi Euthini. Olankhula Chisutu anatsata njira yofanana koma poyambira pa chilankhulo china, pakuti iwo anatenga mawu a Mabunu akuti goud n'kuwasandutsa gauta, kenaka n'kuika kumapeto kwake phatikizo loloza malo, n'kupeza dzina lakuti Gauteng. Motero mayina awiriwa ali ndi tanthauzo limodzi, ndipo onse akusonyeza kuti ngakhale liwu lotchulira chumacho linabwera ndi eni migodi, amene analipinda lilime n'kulisandutsa dzina la malo anali anthu akuda amene ankalowa pansi kukakumba.

Chifukwa chimene anthu a zilankhulo zambiri chotere anasonkhanira pamalo amodzi chagona pa mtundu wa golide wa ku Witwatersrand. Golideyo ndi wochuluka zedi, moti migodi ya m'derali yatulutsa matani oposa 40,000, koma ndi womwazikana m'timibulu tating'ono kwambiri m'kati mwa mwala wolimba umene umapendekera pansi mozama, kotero kuti pamafunika kuswa ndi kupera miyala yambirimbiri kuti papezeke golide wochepa. Popeza mtengo wa golide pa msika wa dziko lonse unali wokhazikika kwa zaka zambiri, eni migodi sakanatha kuukweza kuti abweze ndalama zimene ankawononga, choncho phindu lawo analifunafuna pochepetsa malipiro a antchito. Bungwe lawo la Chamber of Mines linakhazikitsa nthambi yolemba anthu ntchito m'mayiko oyandikana nawo, Witwatersrand Native Labour Association, imene anthu anaifupikitsa kuti Wenela. Olembedwawo ankasaina mgwirizano wa nthawi yoikika, ankagona m'makomboni a amuna okhaokha otchingidwa ndi mpanda, sankaloledwa kubwera ndi mabanja awo, ndipo pansi pa mgodi ankalamulidwa m'Chifanakalo, chilankhulo chosakaniza chimene mawu ake ambiri ndi a Chizulu. Dzina lokoma lakuti kumalo a golide linatchuka pakati pa anthu amene malamulo a ziphaso ankawaona ngati alendo odutsa mumzinda umene manja awo ankamanga, ndipo mfundo imeneyi siyenera kuiwalika pamene dzinali likutchulidwa monyadira.

Kumpoto kwa mtsinje wa Limpopo kunamveka kwambiri dzina lina, lakuti Joni, lomwe ndi chidule cha Johannesburg ndipo limadziwika kumwera kwa Mozambique komanso ku Malawi. Kusiyana kwake ndi eGoli n'kwakuti Joni linakula n'kupitirira malire a mzindawo, moti Mmalawi akanena kuti m'bale wake ali ku Joni, m'baleyo akhoza kukhala ku Durban kapena ku Cape Town, pakuti kwa anthu a m'midzi ya ku Nyasaland dziko lonse la South Africa linkadziwika kudzera pa khomo limodzi la migodi. Amuna ankapitako pofuna ndalama za msonkho wa nyumba umene atsamunda anakhazikitsa, komanso pofuna njinga, zovala ndi malata. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba antchito ochokera kumadera otentha a kumpoto chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, ndipo chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, koma ngakhale pa nthawi ya chiletso anthu sanasiye kuyenda paokha kudzera ku Southern Rhodesia, ulendo umene unkatchedwa wa selefu. Amene anapita osabwerera ankatchedwa matchona, liwu limene limanyamula chisoni cha akazi ndi ana amene anadikira mpaka kutaya mtima.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa anapitirira 100,000, koma pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Pulezidenti Kamuzu Banda anaimitsa ntchito yolemba anthu. Ntchitoyo inayambiranso mu 1977 pansi pa bungwe la TEBA, limene Amalawi amalitchula kuti Theba, ndipo inatheratu mu 1988 potsatira kusagwirizana pa nkhani yoyeza antchito kachilombo ka HIV. Chizindikiro cha nyengo imeneyo chikadalipo mumzinda wa Blantyre, kumene malo okwerera mabasi amatchedwabe Wenela.

Mayina a anthu wambawa pambuyo pake analowa m'mabuku a boma. Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, chigawo chatsopano chimene muli Johannesburg ndi Pretoria chinayamba ndi dzina la zilembo zitatu, PWV, loimira Pretoria, Witwatersrand ndi Vereeniging, koma patangopita miyezi yowerengeka chinatchedwa Gauteng, ndipo dzina limene linabadwira pakati pa okumba migodi linakhala la chigawo cholemera koposa m'dzikolo. Sewero la pa wailesi yakanema lotchedwa Egoli linaonetsedwa kuyambira 1992 mpaka 2010, ndipo ndalama ya dzikolo, randi, imene inayamba kugwira ntchito mu 1961, inatenga dzina lake ku Witwatersrand. Achinyamata a mumzindawo masiku ano amakonda kunena kuti Jozi kapena Joburg, mayina amene sakutchulanso golide.

Kusinthaku kukugwirizana ndi mmene zinthu zilili, pakuti migodi ikuluikulu ya m'kati mwa mzindawo inatsekedwa kalekale, ndipo pa malo a mgodi wina wa Crown Mines pali bwalo la zisangalalo la Gold Reef City. South Africa, imene mu 1970 inakumba matani pafupifupi 1,000 a golide, inapitiriridwa ndi China mu 2007, ndipo chuma cha Johannesburg tsopano chimadalira mabanki, malonda ndi mafakitale. Zotsalira za golide ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi imene imaulutsira fumbi m'nyumba za anthu osauka, maenje akale amene okumba mozemba otchedwa zama zama amalowamo moika moyo pachiswe, ndi mapapo a nkhalamba zambiri za m'midzi ya ku Lesotho, Mozambique ndi Malawi zimene zinabwerako ndi chifuwa chachikulu komanso silicosis, matenda obwera chifukwa chopuma fumbi la miyala. Mu 2018 makampani angapo a migodi ya golide anavomera kupereka ndalama zokwana marandi 5 biliyoni ngati chipukuta misozi kwa odwalawo ndi mabanja a amene anamwalira, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo kwa anthu oyenerera, kuphatikizapo ochokera m'mayiko amene ankatumiza antchito ku migodiyo monga Malawi.