Akasinja a pa Lamya Afuna Mtsogoleri Wodekha

Akulu-akulu ambiri m'midzi mwathu adabwa poona anyamata ataunjikana pansi pa mtengo wa mango, mitu pamodzi, ali kuyang'ana lamya ya m'manja imene iri kulira monga mabingu. Ena ayesa kuti ndi kanema wa nkhondo. Iai, amenewa ndi masewera a akasinja, magalimoto a nkhondo aja obvala zitsulo amene ayenda pa maunyolo, ndipo wogwira lamyayo ndiye awalamulira.

Masewera otere sanayambe dzulo. M'caka ca 1989 kampani ya MicroProse ku America inatulutsa M1 Tank Platoon, m'mene wosewera anali kutsogolera gulu la akasinja anai. Mu 2010 kampani ya Wargaming, imene inayambira ku Minsk m'dziko la Belarus, inatulutsa World of Tanks, ndipo mu 2014 panabwera mtundu wace wa pa lamya wochedwa World of Tanks Blitz, m'mene anthu asanu ndi awiri alimbana ndi anzao asanu ndi awiri. Palinso Steel Beasts, imene magulu a nkhondo a maiko ena monga Denmark ndi Australia anaitenga kuti aziphunzitsira asilikali ao.

Tsono popeza ana athu ali kutayirapo nthawi ndi ndalama, nkwabwino kuti asewere mwanzeru. Mnyamata wothamangira kutsogolo yekha aphedwa mphindi ziwiri zisanathe, ndipo anzace atsala ocepa pamaso pa adani.

Coyamba kudziwa ndi thupi la kasinja. Mlenje wa ku Luangwa salasa njati pamphumi, pakuti pamenepo nyanga zinakumana ndi kupanga cishango. Kasinja ali cimodzimodzi: citsulo cokhuthala ciri kutsogolo, m'mbali ncocepako, ndipo kumbuyo kumene kukhala injini ndiko kofooka koposa. Motero inu muonetse mdani mphumi yanu nthawi zonse, koma pomlasa iye mufune nthiti zace. Ndiponso musaime cilunjikire ai. Mukapotoza kasinja pang'ono, cipolopolo cifika copendekeka, ndipo kawiri-kawiri cingoterereka osaboola. Anthu a ku Soviet Union anadziwa cimeneci pamene anayamba kupanga kasinja wa T-34 mu 1940, amene zitsulo zace zinali zopendekeka dala.

Koma cishango coposa zonse ndi dothi. Monga mlenje abisala kuseri kwa culu ndi kungotulutsa mutu ndi mfuti, kasinja nayenso aime kuseri kwa kamtunda, thupi lonse lobisika, mutu wa mzinga wokha uli kuonekera. Akaombera abwerere m'mbuyo kufikira mzinga utadzazidwanso, ndipo asasuzumire kawiri pamalo amodzi, cifukwa adani akhala atalozetsa kale mizinga yao pamenepo. M'mwezi wa October 1973, pa mapiri a Golan, akasinja ocepa a Israel anaimitsa khamu lalikulu la akasinja a Syria kwa masiku angapo, ndipo cina cimene cinawathandiza ndi mitumbira imene anaikonzeratu yobisalamo.

Nanga poyenda? Apa ndi pamene utsogoleri uoneka. Ngati muli ndi akasinja anai, awiri aime pamalo okwera, mizinga itaceukira kumene mdani angaturukire, pamene awiri enawo ali kuthamangira pobisala pena. Amenewo akafika, iwonso aime ndi kulondera anzao. Ulendo wotere ucedwa, ndipo anyamata ambiri aunyoza, koma ndiwo ufikitsa gulu lonse lamoyo. Akasinja opepuka ndiwo maso a gulu. Nchito yao ndiyo kuzonda ndi kuonetsa anzao pamene pali adani, osati kugundana ndi akasinja olemera. Mtsogoleri aziyang'ana kamapu ka pangodya pafupi-pafupi. Akaona kuti adani ambiri aoneka kumanzere, adziwe kuti kumanja kwatsala ocepa, ndipo atatu akaukira mmodzi nkhondoyo ikutha msanga.

Malo oopsa koposa ndi madooko, milatho ndi thengo lowirira. Owerenga acikulire akumbukira nkhondo ya kwa anansi athu ku Angola. Pa 3 October 1987 gulu la nambala 47 la asilikali a boma la Angola linapanikizidwa pafupi ndi mtsinje wa Lomba pamene linali kufuna kuoloka. Asilikali a South Africa anadza ndi magalimoto a Ratel, a zitsulo zopyapyala poyerekeza ndi akasinja a T-55, koma m'thengo lowirira lija anaomberana cifupi, ndipo gulu la 47 linaonongeka. Koma a South Africa naonso anapunthwa. Anaukira mobwereza-bwereza dera la Tumpo, kum'mawa kwa Cuito Cuanavale, kumene eni ace anali atacherako mabomba okwirira, ndipo pa 23 March 1988 anasiya akasinja atatu a Olifant m'munda wa mabombawo ndi kubwerera. M'masewera nazonso zitero: akasinja ounjikana pamlatho asanduka cakudya, ndipo njira imene yakukanani kawiri muisiye, mufune ina.

Pali mau amodzi kwa makolo. Kulowa m'masewera a World of Tanks Blitz nkwaulere, koma adya ndalama za intaneti, ndiponso m'katimo mugulitsidwa akasinja apadera ndi ndalama zeni-zeni. Mwana asapatsidwe nambala yacinsinsi ya ndalama za pa lamya, pakuti ndalama ya feteleza ingathere pa kasinja wa m'cithunzi, amenenso aphulika ngati anzace onse akaonetsa nthiti kwa mdani.

Kwa inu anyamata a kumidzi kumene netiweki ingobwera ndi kupita: kasinja wopepuka afuna lamya yomva msanga, ndipo netiweki ikadukiza pang'ono mudzampeza atagwera m'manja mwa adani. Sankhani kasinja wolemera, kapena uja wa mzinga waukulu wolalira patali, mumuimike kuseri kwa kamtunda kumbuyo kwa anzanu, kuti ngakhale cithunzi citaima kwa kanthawi, mdani apeze mphumi yokha.