Kapamba akayamba kudzigaya yekha

Wodwala matendawa safuna kugona chagada. Amakhala chowerama, mawondo ali pachifuwa, chifukwa ululu wa pamwamba pa mchombo umaboola mpaka kumsana, ndipo ngakhale asanze kangati suchepa. Kumudzi ena angafulumire kunena kuti wadyetsedwa. Kuchipatala akayeza magazi n'kupeza kuti timadzi ta kapamba totchedwa lipase takwera kuwirikiza katatu, amadziwa kuti kapamba watupa.

Ndikunena kapamba uja wobisala kuseri kwa chifu, amene odwala shuga amamudziwa chifukwa cha insulini. Tsiku lililonse amatulutsanso timadzi topitirira lita imodzi togaya nyama, mafuta ndi nsima yomwe. Popeza nayenso ndi mnofu, timadziti amatisunga tisanakhwime, kuti tikayambe ntchito tikafika m'matumbo. Mu 1896 Hans Chiari, dokotala wopima mitembo ku Prague, anafotokoza kuti pa matendawa timadziti timalusa tisanatuluke, kapamba n'kumadzigaya yekha. Nthawi zambiri gwero lake ndi mowa, kapena kamwala kochokera mu ndulu kamene katseka njira.

Koma kodi kamwala kapena kachasu zimafika bwanji powononga selo? Apa m'pamene mpweya wa okosijeni, womwewu umatipatsa moyo, umalowerera. Maselo akamaugwiritsa ntchito popanga mphamvu, pamatsala tizidutswa tolusa totchedwa ma free radical. Timadya chilichonse chomwe takhudza, monga momwe dzimbiri limadyera malata. Thupi lili ndi zotetezera zake, makamaka glutathione, ndipo masiku onse zimakwanira. Mowa ukamaphwanyidwa m'kapamba, kapena ndulu ikabwerera m'njira yake, tizidutswato timachuluka, glutathione n'kuchepa m'maola ochepa chabe. Mafuta a m'khungu la selo amawonongeka, kashiamu amasefukira m'kati, tizigawo topanga mphamvu timafooka, selo n'kuphulika.

Choipa kwambiri chimabwera pambuyo pake. Maselo oyera a m'magazi amathamangira pamalopo, ndipo chida chawo chophera tizilombo ndi ma free radical omwewo. Pamenepo palibe kachilombo koti aphe, ndiye amangowonjezera bala. Maselowa akafalikira m'thupi amavulazanso mapapo ndi impso. N'chifukwa chake ngakhale odwala ambiri amachira m'sabata imodzi, mmodzi mwa asanu alionse amadwala mwakayakaya.

Umboni wakuti ma free radical amawononga kapamba unayamba kuoneka mu 1984 ku Johns Hopkins, ku America. Ofufuza ena, Sanfey, Bulkley ndi Cameron, anayesa pa akapamba a agalu, ndipo anapeza kuti mankhwala ochotsa tizidutswa tija amachepetsa kutupako. Anthu anayembekezera zambiri. Koma mu 2007 madokotala a ku Manchester anafalitsa zomwe anapeza atapatsa odwala kwambiri selenium, vitamini C ndi N-acetylcysteine kudzera m'diripi: sanachire msanga kuposa anzawo amene sanalandire.

Ine sindidabwa nazo. Pofufuza pa nyama, mankhwala amaperekedwa matenda asanayambe kapena akangoyamba. Munthu amafika kuchipatala mawa lake, atayesa kale panado ndi mapiritsi a m'golosale, zowonongekazo zitachitika kale. Komanso tizidutswa tija si toipa tokhatokha, tina timathandiza selo lovulala kufa bwinobwino osaphulika. Ndiye wina akamakutsatsani mabotolo odula a ma antioxidant, mankhwala ochotsa tizidutswa tija, kuti "amatsuka kapamba", m'funseni kuti anawayesa pa ndani.

Chithandizo chomwe chimapulumutsa anthu n'chosachititsa kaso: madzi a diripi m'maola oyambirira, mankhwala amphamvu oletsa ululu, ndi kuyambanso kudya msanga wodwala akangotha kutero, osati kumusalitsa masiku ambiri monga zinkachitikira kale. Maantibayotiki saperekedwa pokhapokha mnofu wakufawo utagwidwa ndi tizilombo. Ngati vuto linali mowa, ausiye ndithu, chifukwa matendawa amabwerera. Ngati linali miyala, ndipo kudwalako sikunafike poipa, madokotala amalangiza kuchotsa thumba la ndulu wodwala asanatuluke m'chipatala.