Lazaro anatuluka m'manda, koma anam'masula ndani?

Lamulungu lililonse Akhristu amene amasonkhana m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa Likoma amavomereza poyera kuti amakhulupirira kuuka kwa akufa. Ambirife mawu amenewa tinawaloweza tili ana, ndipo timawaganizira mozama pamaliro basi. M'nkhani ino tikufuna tione chimene chikhulupiriro chimenechi chikutanthauza kwa munthu amene akali moyo: amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi kachirombo ka HIV, kapenanso amene wamwa mankhwala zaka zambiri ndipo wayamba kutopa nawo.

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi muno anadziwika mu 1985. Kwa zaka pafupifupi 20 zotsatira, kupezeka ndi kachiromboka kunali ngati kuuzidwa tsiku la imfa. Anthu amaopa ngakhale kutchula dzina la matendawa. Ena amati kaliwondewonde, ena amati matenda a boma, ena amangoti wadwala nthawi yaitali. Zinthu zinayamba kusintha mu 2004 pamene boma, ndi thandizo la Global Fund, linayamba kupereka ma ARV mwaulere. Anthu amene amachita kunyamulidwa popita kuchipatala anayamba kudya, kunenepa ndi kuyenda okha pakangopita miyezi yochepa. Kusintha kumeneku kunali kodabwitsa kotero kuti madokotala m'mayiko ambiri anayamba kukutchula ndi dzina la Lazaro wa ku Betaniya.

Nkhani ya Lazaro, yomwe ili pa Yohane mutu 11, tonse timaidziwa, koma pali mbali ina yomwe timaidumpha. Lazaro anali atagona m'manda masiku anayi. Yesu anali ndi mphamvu yochita zonse yekha, komabe ntchito yochotsa mwala pakhomo la manda anaipereka kwa anthu. Lazaro atatuluka anali akadali womangidwa nsalu za maliro m'manja, m'miyendo ndi kumaso, ndipo ntchito yom'masula inapatsidwanso kwa omwe anaimirira pamenepo. Moyo unachokera kwa Mulungu. Koma popanda manja a abale ndi anansi, Lazaro akanangoima pakhomo la manda ali wamoyo koma osatha kuyenda.

Alipo anzathu otere pakati pathu. Mankhwala anawadzutsa, thupi linabwerera, koma nsalu za maliro zikadali pomwepo. Nsaluzo ndi manong'onong'o a kudoko, ndi chala cholozedwa kumbuyo kwa mayi amene waonedwa pamzere wolandirira mankhwala, ndi ulaliki wonena kuti Edzi ndi chilango cha anthu ochimwa. Pachilumba vutoli limakula chifukwa aliyense amadziwana ndi mnzake. Munthu wa ku Mzuzu akhoza kukayezetsa magazi kutali ndi kwawo, osakumana ndi womudziwa. Pa Likoma wopita kuchipatala cha St Peter's amadutsana ndi apongozi, mnzake wa mukwaya ndi yemwe amam'gula usipa. Ena amasankha kudwalira m'nyumba kusiyana ndi kuonedwa.

Mbiri ya chilumbachi payokha ikutichenjeza. Amishoni a UMCA anakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880, ndipo tchalitchi chachikulu chinayamba kumangidwa mu 1903 n'kupatulidwa mu 1911. Malo omwe chinamangidwapo amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ndi pomwe amawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Anthu amenewo amaphedwa chifukwa mudzi umafuna wina woti um'senzetse mlandu wa matenda ndi imfa zomwe sumazimvetsa. Zingakhale zomvetsa chisoni ngati ife opemphera pamalo omwewo tingapitirize ntchito ya moto uja ndi malilime athu.

Mpingo uli nazo kale zitsanzo za njira ina. Mu 1992 wansembe wa Anglican wa ku Uganda, Canon Gideon Byamugisha, anaulula poyera kuti ali ndi HIV, nthawi imene palibe mtsogoleri wina wachipembedzo mu Africa anali atachitapo zimenezi. Sanasiye unsembe. Kulimba mtima kwake kunathandiza kuti atsogoleri achipembedzo omwe ali ndi kachirombo kapena okhudzidwa ndi Edzi ayambe kugwirira ntchito pamodzi, ndipo kuno kwathu bungwe lawo ndi MANERELA+.

Tsono tifike pa funso lomwe limavutitsa okhulupirira ambiri: ngati Mulungu amachiritsa, kodi kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku si kusowa chikhulupiriro? Kuti tiyankhe bwino tiyenera kumvetsa momwe mankhwalawa amagwirira ntchito. Kachirombo ka HIV kamalowa m'maselo otchedwa CD4, omwe ndi asilikali a chitetezo cha m'thupi, n'kumaswana m'menemo uku kakuwaononga. Asilikali akachepa, matenda monga chifuwa chachikulu cha TB, mashingozi ndi kutsegula m'mimba kosatha amapezerapo mwayi. Ma ARV amatsekereza kachiromboka kuti kasaswane. Munthu akamamwa mwandondomeko, tizirombo timachepa kwambiri m'magazi mpaka makina oyezera amalephera kutiona. Apa ndi pamene ena amasokonezeka. Kusaoneka m'magazi sikutanthauza kuti kachirombo katha. Kamabisala m'maselo ena a m'thupi, chetechete, ndipo munthu akangosiya mankhwala kamayambanso kuswana pakangopita masabata ochepa. Womwa modukizadukiza amakapatsanso mpata woti kazolowere mankhwalawo, ndiye pobwerera kuchipatala amapeza kuti omwe amam'thandiza kale sakugwiranso bwino ntchito.

Choncho wina akakuuzani kuti mwapemphereredwa, mwachira, tayani mankhwala, ameneyo akubwezera mwala pakhomo la manda. Achikulire akukumbukira za mu 1995, pamene anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kwa Billy Chisupe kukamwa mchape, chakumwa chomwe amati chimachiza Edzi. Anthu anawononga ndalama zoyendera, ndipo Edzi inapitirira kupha. Kuyambira mu 2018 dziko lino lili ndi lamulo la za HIV ndi Edzi lomwe limaletsa kufalitsa zabodza zokhudza matendawa, kuphatikizapo kunamiza anthu kuti akhoza kuchizidwa. Sitikunyoza pemphero ayi. Pemphero limalimbitsa mtima wofooka, ndipo munthu amene ali ndi chiyembekezo ndi amene amakumbukira nthawi yomwera mankhwala. Pempherani, ndipo mukatha kunena Amen imwani piritsi lanu. Ngakhale m'nyengo ya Lenti, kusala kudya kusakhale chifukwa chodumphira tsiku.

Amene anayamba mankhwala m'zaka zoyambirira akukumbukira kumwa m'mawa ndi madzulo, dzanzi la m'mapazi ndi kuphwa kwa masaya. Nthawi imeneyo munthu amayenera kudwala kwambiri kapena chitetezo chake chitsike kaye asanayambe kulandira. Kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo, ndipo akuluakulu ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku. Mu 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi HIV, ndipo ana ambiri a amayi otere akubadwa opanda kachirombo. Zikudziwikanso tsopano kuti munthu amene tizirombo take tatsika mpaka kusaoneka m'magazi, ndipo akupitiriza kumwa mankhwala, sapatsira mnzake kachirombo pogonana. Ndiye kuti wopezeka ndi HIV akhoza kumanga banja, kubereka, kukhoma bwato latsopano ndi kutsogolera mapemphero. Ambiri mwa aphungu abwino m'magulu othandizana ndi anthu omwe anagonapo pamphasa abale atataya kale mtima.

Nanga aja anatisiya mankhwala asanafike? Chiphunzitso cha kuuka kwa akufa sichiwasiyanitsa ndi ena onse ogona m'manda a pachilumbachi. Mpingo umaika m'manda wakufa ndi Edzi ndi mapemphero omwewo amene umaikira womira panyanja. Ana ndi amasiye awo sayenera kuyenda chowerama.

Mawu apadera kwa asodzi ndi ochita malonda a nsomba. Ntchito yanu imakutengerani ku Chizumulu, ku Nkhata Bay ndi kumadoko a tsidya la Mozambique, nthawi zina masabata angapo, ndipo mwera ukakula kapena Ilala ikachedwa ulendo wa masiku atatu umasanduka wa masiku khumi. Musananyamuke werengani mapiritsi anu. Ngati sakwanira, kafotokozeni kuchipatala za ulendowo. Omwe akuyenda bwino pa mankhwala amatha kupatsidwa a miyezi ingapo nthawi imodzi. Botolo likulungeni m'pulasitiki kuti lisanyowe m'bwato, lisakhale padzuwa, ndipo kabuku kanu ka kuchipatala muziyenda nako kuti mankhwala akakutherani muli kutali, achipatala cha kumeneko adziwe mtundu womwe mumamwa.