Dzina la Phiri ndi Udindo Wake



Mukatsegula buku la ubatizo pa maparishi ambiri m'dziko muno, nkovuta kutha tsamba osapeza dzina la Phiri. Dzinali si la nyumba imodzi ai. Ndi chiwongo, ena amati mfunda, chimene chimamanga anthu ochuluka kukhala mbumba imodzi.

Makolo amasimba kuti Amaravi adachokera ku Uluba, m'dziko la Congo, motsogozedwa ndi Kalonga. Pa ulendowo gulu lina lidagona pamwamba pa phiri, nilitchedwa Aphiri. Lina lidawanda udzu m'munsi ndi kugona pomwepo, nilitchedwa Abanda. Aphiri ndiwo adasunga ufumu: Kalonga, Undi, Lundu ndi Kaphwiti onse adali a chiwongo chimenechi, pamodzi ndi Nyangu, mayi wa mafumu. Komabe Kalonga sankadzikwanira yekha. Mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa Abanda, amene ankasamala za nthaka ndi nsembe za mvula. Mpando udali kwa Aphiri, koma popanda Abanda dziko silikadakhazikika.

Likulu la Kalonga lidali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, dera lomwelo kumene Mishoni ya Mua idatsegulidwa mu 1902. Kuchokera kumeneko Undi adalowera kumadzulo nakakhazikika ku Mano, m'dera la Tete, pamene Lundu ndi Kaphwiti adatsikira ku chigwa cha Shire. Malire a atsamunda adadzangodula patatu dziko limene lidali limodzi. Nchifukwa chake Aphiri ali ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo mwezi wa Ogasiti Achewa a maiko atatuwa amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwa maukwati ndi kukhalirana, dzinali lidalowanso pakati pa Atumbuka, Atonga, Ansenga ndi Angoni. Pambuyo pake amuna athu adapita nalo ku migodi ndi ku mafamu a ku Zimbabwe ndi ku Joni. Woimba uja Ray Phiri, wobadwira ku South Africa mu 1947, bambo wake adali wochokera ku Malawi kuno.

Kale mwana wa Mchewa ankatenga chiwongo kwa mayi wake. Lero ambiri amalemba cha bambo ku sukulu ndi pa zitupa. Tsono chimene tikutaya ndi udindo wa dzinali. Mlendo akafika madzulo pamudzi wachilendo natchula chiwongo chake, ankapeza nsima ndi pogona kwa anzake a mfunda umodzi. Mnyamata wa Phiri ankamuona Naphiri ngati mlongo wake, wosayenera kumfunsira. Munthu akakhuta ankathokoza mwini chakudya pomutchula chiwongo. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola.

Nanga ife dzinali tikuchita nalo chiyani? Ena amalikumbuka pokhapokha pofuna kukondera wakwao pa ntchito kapena pa mlandu, namkankha wa chiwongo china. Pamenepo dzina lolandirira alendo lasanduka mpanda wotsekera anzathu kunja.

Mateyo Woyera adayamba Mthenga Wabwino ndi maina a makolo a Yesu, ndipo m'mndandandawo muli Rahabu ndi Rute, akazi a mitundu ina. Mwana wa Mulungu sadachite manyazi ndi fuko lake, komanso sadalitsekere pakhomo. Ubatizo sufafaniza chiwongo chanu, koma umakupatsani abale ena, Abanda, Ambewe, Amwale ndi anthu a mitundu yonse.

Inu makolo, khalani pansi ndi ana anu madzulo ano, muwauze chiwongo cha kuchimuna ndi cha kuchikazi, ndi mudzi umene agogo ao adachokera. Inu akatekisti, pokonzekeretsa achinyamata za ukwati, afunseni za chibale chao, ndipo m'miphakati phunzitsani kuti mlendo alandiridwe asanafunsidwe dzina.

Mulungu Atate, amene amadziwa aliyense wa ife ndi dzina lake, akudalitseni inu ndi mabanja anu. Amen.