Anyezi wa pazenera ku Sunnyside

M'nyumba zosanjikizana za ku Sunnyside ndi Arcadia, mumzinda wa Pretoria, mulibe dimba, ngakhale kamalo koti n'kulimapo kamzere kamodzi. Mmalawi wochita lendi kumeneko, yemwe kumudzi ankangothyola ndiwo kuseri kwa nyumba, amagula chilichonse, ndi masamba a anyezi omwe. N'chifukwa chake nzeru yoika zitsa za anyezi wamasamba m'kapu yamadzi pazenera imakopa anthu. Nzeruyo ndi yabwino ndithu, kungoti imayenda ndi timau tina tofunika kuwongola.

Ambiri amati, "Madzi okha akwana, muzingodula mpaka kalekale." Poyamba zimaonekadi choncho. Mukasiya chitsa choyera cha masentimita 3 mpaka 5 ndi mizu yake, pakangopita masiku ochepa kansonga kobiriwira kamatuluka pakati penipeni pomwe mpeni unadutsa. Koma chimene chikukuza kansongako ndi chakudya chomwe chitsacho chinasunga chili kumunda, ndipo madzi a pampopi sabwezeretsa chakudyacho. Mukadula kawiri kapena katatu, masamba amayamba kutuluka owonda, otuwa, fungo lake losamveka n'komwe mumphika. Madzi akakhalitsa amachita thovu, mizu imaterera, khitchini yonse n'kununkha. Ndiye madziwo azingofika pamizu, osamiza chitsa chonse, ndipo muziwasintha pakapita masiku awiri. Mizu yatsopano ikangooneka, okerani anyeziyo m'dothi. Chigubu cha malita 2 chodula pakati, choboola pansi, chokhala ndi dothi losakaniza manyowa owolerana, chimagwira ntchito bwino lomwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi malangizo a pa intaneti oti zenera labwino ndi loyang'ana kumwera. Olemba zimenezo ali ku Ulaya ndi ku America, kumene dzuwa limadutsira kumwera. Pretoria ili pafupifupi madigiri 26 kumwera kwa ikweta, kupitirira mzere wa Capricorn, choncho masana dzuwa limakhala chakumpoto chaka chonse. Ngakhale zomwe tinazolowera kwathu sizikugwira pano: ku Lilongwe mu Disembala dzuwa limapendekera kumwera masana, pomwe ku Pretoria silitero. Anyezi woikidwa pazenera lakumwera amatalika mofooka kufunafuna kuwala, kenako amagwa, mwini wake n'kumati mbewu yake inali yoipa. Sankhani lakumpoto; ngati mulibe, lakum'mawa lithandiza.

Ena amaopa chisanu cha mu Juni ndi Julayi. Anyezi amapirira kuzizira, ndipo miyezi imeneyi ndi pomwe dzuwa limatsika n'kulowa bwino pazenera lakumpoto. Choyenera kusamala ndi kutentha kwa mu Okutobala, mitengo ya jakaranda ikachita maluwa, chifukwa dothi la m'kachigubu limauma msanga. Pisani chala, ngati pauma, thirirani.

Musadikire kuti pansi padzatupa mutu ngati wa anyezi wa pamsika wa Lizulu. Mitundu ina ya anyezi wamasamba siberekeratu mutu, ndipo ina imafuna malo ndi dzuwa loposa la pazenera. Wokazingira nyama muzigulabe ku Marabastad kapena kushopu. Wa pazenerayu ndi wodulira m'mazira, mu usipa kapena m'nyemba mphika uli pafupi kuphulidwa, ndipo podula muziyambira masamba akunja, apakati muwasiye akule.