Mlamu wa ku China akafika ku Mangochi, Chingerezi pachokha sichikwanira

Chiyambireni ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa 2007, timakonda kuwerenga zipatso zake poloza zomangamanga: Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, bwalo la Bingu, msewu wa Karonga-Chitipa, sukulu ya MUST ku Thyolo. Koma pali chipatso china chomwe palibe nduna imadzadulira riboni. Achinyamata athu opita kusukulu ku Beijing kapena Wuhan, ena kukaoda katundu ku Guangzhou ndi Yiwu, sabwerako ndi madigiri ndi makatoni okha ayi. Ena amabwerako ndi munthu. Nawo a ku China akubwera kudzagwira ntchito kuno, mpaka ku Makanjira komwe kampani ya Mawei idapatsidwa chilolezo chokumba mchenga wa migodi. Pomwe anthu akumana, chikondi sichifunsa viza.

Ndiye tiyerekeze mlamuyo watsika basi pa Mangochi boma. Malangizo oyamba omwe abale amapereka ndi amodzi: mphunzitseni Chizungu. Sakulakwa. Mafomu a ku Immigration ali m'Chingerezi, a kubanki chimodzimodzi, pepala la mankhwala nalonso. Ndipo setifiketi ya ukwati si chilolezo chokhalira kapena kugwirira ntchito m'dziko muno. Zimenezo zili ndi mapepala akeake. Akafuna kutsegula shopu, ayambe wafunsa, chifukwa mu 2012 boma lidalamula amalonda akunja kuti achoke m'maboma akachitire bizinesi m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Munthu wosaina zomwe sakuzimva ali pangozi, ngakhale womugwirira cholembera atakhala mwamuna kapena mkazi wake.

Chosangalatsa n'chakuti ambiri sayambira pa ziro. Ku China Chingerezi chimaphunzitsidwa kuyambira kupulaimale, ndipo chimalembedwa pa gaokao, mayeso awo olowera kuyunivesite. Vuto ndi kuyankhula. Eni akewo ali ndi dzina la matendawa, yaba Yingyu, kutanthauza Chingerezi cha munthu wosalankhula. Ife a MSCE tisaseke, timawadziwa bwino: galamala yonse ili m'mutu, koma mzungu akangofunsa njira ya ku Cape Maclear lilime limauma. Mankhwala ake si buku lina la galamala. Ndi kumusiya munthuyo ayankhule, aphonye, anthu amumve, mawa abwerezenso.

Apa ndi pomwe ambiri okonda amapha mnzawo ndi chifundo. Kumsika amamuyankhulira. Kuchipatala amamuyankhulira. Wakabaza akafunsa kuti tikupita kuti, amayankha ndi iwo. Pakatha chaka mlendo uja akadali pomwe adatsikira basi, sangagule ngakhale mulu wa tomato payekha. Tsiku lomwe m'banja mwabuka mkangano, womasulira yekhayo amene ali naye ndi yemwe wakangana naye. Kwa ankhoswe akanena bwanji mbali yake? Ine ndimaona kuti banja lotere, ngakhale likhale la chikondi chotani, mmodzi amakhala wagwira makiyi a mnzake.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi: ku Mangochi Chingerezi chimatsegula maofesi okha. Pakhomo, pamaliro, padoko pogula usipa, kumpanda kwa apongozi, chimagwira ntchito ndi Chichewa ndi Chiyao. Boma ili lili ndi anthu oposa 1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ambiri mwa iwo Ayao, ndipo agogo a ku Namwera sadzalowa kalasi ya Chingerezi chifukwa choti mdzukulu wabweretsa mlendo. Mlamu akangotha kunena kuti “Ajimwiche uli?” m'mawa, n'kuyankha “Ndili chenene” akafunsidwa, n'kudziwa kuika “Che” patsogolo pa dzina la munthu wamkulu, wagula mitima yomwe digiri ya Chingerezi singagule.

Ndipo musamuderere, Chichewa sichingamuvute monga mukuganizira. Chitchaina cha Mandarin chimasiyanitsa mawu ndi kakwezedwe ka liwu: “ma” akhoza kukhala mayi, hatchi kapena kukalipa, kutengera momwe wamutchulira. Ifenso tili nazo, kungoti sitizilemba. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana, koma khutu limasiyanitsa. Azungu ambiri amakalamba kuno osamva kusiyanako, pomwe mwana wa ku China adakula akutchera khutu ku zomwezo. Kusiyana kwa pa ndi pha, monga kupala ndi phala, nakonso ali nako kwawo. Ulemu wa iwe ndi inu sudzamudabwitsa, iwo amati ni ndi nin. Ngakhale zophonya zathu m'Chingerezi n'zapachibale. Amasokoneza he ndi she chifukwa kwawo onse amatchulidwa ta, monga ife timangoti iye. Mawu othera pa konsonanti amawaonjezera kamchira ngati ife tomwe: bus ife timati basi, iwo bashi.

Zomwe zidzamutulutse thukuta ndi mawu oyamba ndi mb, nd ndi ng', komanso magulu a mayina, zija zoti chimanga changa koma nsomba yanga. Izo n'zapang'onopang'ono.

Foni ithandize, koma isalowe m'malo mwa anthu. Kumbukirani kuti WhatsApp, Facebook ndi Google n'zotsekedwa ku China, moti mlamu akhoza kufika asadazigwiritseko ntchito. Moyo wake wonse udali pa WeChat, kuyambira macheza mpaka kulipira ndiwo. Musonyezeni Airtel Money ndi Mpamba, muikeni pagulu la WhatsApp la banja ngakhale azingotumiza tizithunzi ta chala chachikulu. Chichewa chilipo pa Google Translate, chimathandiza pa mitengo ya zinthu, koma mukachipatsa mwambi chimabweza zoseketsa.

Chiyankhulo ndi mbali imodzi chabe. Pali zina zomwe mnzakeyo ayenera kumuuza asadapunthwe nazo, osati atapunthwa kale. Nyama yomwe imadyedwa kwambiri ku China ndi ya nkhumba, ndipo Mangochi ndi boma la Asilamu ambiri. Kukazinga kapado m'poto wa apongozi, kapena kudya poyera masana m'mwezi wa Ramadhan pakhomo pomwe anthu akusala, kungawononge m'tsiku limodzi zomwe moni wa chaka chonse adamanga. Kumbali ya nsomba ndiye palibe vuto: chambo ndi mtundu wa tilapia, ndipo China ndiye dziko loweta tilapia wambiri padziko lonse. Akafuna madzi otentha akumwa dzuwa la Okutobala lili pamutu, musathamangire kuti wadwala, ndi chizolowezi cha kwawo. Nsima ndi manja adzaphunzira, inunso yesaniko timitengo take.

Za ukwati weniweniwo ndiye zofunika kukhala pansi. Kwa Ayao, monganso Achewa ambiri, mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo ana ndi a mbumba ya kuchikazi, wowayang'anira wamkulu ndi malume. Ku China mwambo ndi wotembenuza: mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ana amatenga dzina la bambo, ndipo mwamuna wokakhala kwa apongozi anthu amamuyang'ana chammbali. Mnyamata wa ku China akamva kuti iye ndi mkamwini, ndipo pa nkhani ya mwana wake atsibweni ali ndi mawu, akhoza kuyesa kuti akumunyoza. Mtsikana wa ku China naye akhoza kudabwa kuona malipiro a mwamuna wake akulipirira fizi ana a mlongo wake. Izi sizimasuliridwa ndi dikishonale. Koma pena miyambo imakumana mosayembekezeka. Mayi wa ku China akabereka amabindikira mwezi wathunthu, osakhudza madzi ozizira, mwambo womwe amautcha zuo yuezi. Anakubala a kuno akangouzidwa kuti ndi chikuta cha kwawo, kungoti chotalikirapo, nkhani yatha.

Thupi nalo ndi mlendo. Bungwe la WHO lidalengeza mu 2021 kuti ku China malungo adatha, choncho mlamu amafika kunyanja alibe chitetezo chilichonse m'magazi. Malungo omwe inu mumayenda nawo masiku awiri, iye akhoza kumugwetsa. Neti isakhale nkhani yokambirana, ndipo mawu oti mutu, kuzizidwa, kusanza ndi kutentha thupi akhale m'gulu la oyamba kuphunzira, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Kusambira malo a bango ndi madzi odikha kuli likodzo. Mwina chingamusangalatse kumva kuti LA yemwe timamwa kuno adachokera ku kafukufuku wa kwawo: Tu Youyou, mayi yemwe adatulukira artemisinin, adalandira mphoto ya Nobel mu 2015.

Tisabise, mlamuyu adzapezanso mkwiyo womwe sadauyambe ndi iye. Mu 2022 BBC Africa Eye idaulula za Lu Ke, yemwe ana a ku Njewa ku Lilongwe ankamutcha Susu, yemwe ankajambula ana akunena mawu odzinyoza m'Chitchaina chomwe sankachimva, n'kumagulitsa mavidiyowo. Adathawira ku Zambia, adamubweza, ndipo khoti lidamupeza wolakwa mu 2023. Bala limenelo silidapole, ndipo n'zomveka. Koma taonani chomwe chidapweteka ana aja: adawayankhulitsa mawu omwe sankawadziwa tanthauzo. Ndiye anyamata a padoko akamaphunzitsa mlendo zotukwana n'kumuuza kuti ndi moni, kenako n'kumujambula kuti aseketse anthu pa TikTok, akusewera masewera omwewo. Ndipo ana akamamuthamangira n'kumakuwa kuti “Tchaina! Tchaina!”, wamkulu amene ali pafupi awauze dzina lake. Ali nalo.

Mnzake wa mlamuyo nayenso asakhale chimanjamanja. Ku Lilongwe kuli Confucius Institute ya University of Malawi komwe amaphunzitsa Chitchaina, ndipo pa YouTube maphunziro ali mbwee. Mawu makumi awiri okha ndi okwanira kupatsa moni apongozi a ku China pa vidiyo. Ingokumbukirani kuti iwo ali patsogolo ndi maola 6: mukamaweruka 5 koloko madzulo, kumeneko ndi 11 koloko usiku. Ndipo Chaka Chatsopano cha kwawo, nyengo yomwe aliyense amabwerera kumudzi kukadya ndi makolo, chimagwa pakati pa Januwale ndi Febuluwale, kuno mvula ili pakati, m'matumba muli gwa, aliyense ali kumunda kupalira. Tsiku limenelo mlamu akangokhala duu pakhonde foni ili m'manja, musafunse ngati ndi malungo. Gulani chambo, itanani alamu ake, mumusiye aphike yekha momwe amaphikira kwawo.