Chigongono chikaguluka, musathamangire kubwerera m'bwalo

Mwina munaonapo goloboyi kapena wosewera mpira wamanja atagwa n'kutsamiza chikhatho pansi mkono uli wotambasula, kenako chigongono n'kuguluka. Anzake amathamangira kukoka mkonowo, fupa n'kubwerera, onse n'kumati zatha. Koma nthawi zina kafupa kena kamakhala katathyoka mkati.

Kafupako timakatcha coronoid. Ndi kansonga ka fupa lotchedwa ulna, lomwe limachokera pachigongono n'kukathera padzanja, mbali ya chala chaching'ono. Ntchito yake ili ngati ya mwala womwe mumatchingira tayala la galimoto pachitunda: kamaletsa mkono kutsetserekera kumbuyo. Kakathyoka, chigongono chimatha kumangoguluka pafupipafupi.

Mukavulala chonchi mudzamva ululu, chigongono chidzatupa, ndipo kupinda kapena kuwongola mkono kudzavuta. Ngati chala chaching'ono ndi choyandikana nacho zachita dzanzi, kapena dzanja lazizira, pitani kuchipatala msangamsanga. Musalole munthu kukoka kapena kutikita. Koloweka mkonowo pansalu yodutsa m'khosi.

Kuchipatala timajambula X-ray chigongono tisanachibwezeretse komanso titachibwezeretsa. Kachidutswa kakang'ono kamatha kubisala kuseri kwa mafupa ena, n'chifukwa chake nthawi zina timakutumizani kuchipatala chachikulu kukajambulitsa CT scan.

Mu 1989, madokotala awiri, Regan ndi Morrey, anagawa kuthyokaku patatu: kubenthuka kwa nsonga yokha, kuthyoka kosapitirira theka la kafupako, ndi kuthyoka kopitirira theka. Ngati kangobenthuka ndipo chigongono sichikugwedera, timamanga chikhakha kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako mumayamba mafizo. Chidutswa chikakhala chachikulu, kapena mutu wa fupa linzake la radius ukathyokanso, pamafunika opaleshoni yolumikiza fupalo ndi tizitsulo kapena ulusi wolimba, komanso kusoka minyewa yomwe yang'ambika.

Dziwani kuti chigongono sichichedwa kuuma. Mukachisunga m'chikhakha kupitirira masabata atatu, mukhoza kulephera kuchiwongola bwino mpaka kalekale. Choncho musajombe kumafizo ngakhale akuwawa.

Kwa inu aphunzitsi a matimu, musakakamize wosewera kubwerera msanga chifukwa choti kukubwera masewero a chikho. Fupa limatenga masabata 6 kapena kuposerapo kuti ligwirane, ndipo mphamvu zamkono zimabwerera pakapita miyezi. Wosewera akagwanso fupa lisanagwirane, chigongono chimaphwanyika koposa poyamba, ndipo ena mpira amausiyira pomwepo. Mudikireni mpaka achipatala atajambulanso n'kumuuza kuti wachira.